Mmene mungasankhire mechanical keyboard yanu yoyamba muli ku Mangochi

Anthu amene ntchito yawo ndi yotayipa tsiku lonse achuluka kuno ku Mangochi. Alipo alembi a m'maofesi a pa boma, achinyamata a m'timashopu totayipa ndi kusindikiza makalata, owerengera ndalama m'malo ogona alendo a m'mphepete mwa nyanja kuyambira ku Makawa mpaka ku Monkey Bay, aphunzitsi okonza mayeso, komanso ophunzira amene amalemba ntchito zawo usiku. Ambiri mwa iwo amagwiritsa ntchito kiyibodi imene inabwera pamodzi ndi kompyuta, kapena ya pa laputopu, mpaka tsiku limene batani limodzi lasiya kugwira. Pamenepo ndi pamene munthu amayamba kufunsa za mechanical keyboard, kiyibodi imene batani lililonse lili ndi swichi yakeyake, ndipo akaiona pazithunzi za ogulitsa pa Facebook kapena pa WhatsApp, chimene chimayamba kumukopa ndi kuwala kwake kwamitundumitundu. Kuwalako n'chinthu chomaliza kuchiganizira. Kwa munthu wokhala kuno, kumene fumbi ndi kutentha sizisowa ndiponso sitolo zogulitsa zipangizo za kiyibodi yotere zili kutali, funso loyamba liyenera kukhala lakuti: batani limodzi likadzawonongeka, kodi ndidzatha kulikonza ndekha, kapena ndidzataya kiyibodi yonse?

Kuti funso limeneli limveke, muyenera kudziwa zimene zili pansi pa mabatani. M'kiyibodi wamba muli pepala limodzi la labala lokhala ndi timitumbira, kamodzi pansi pa batani lililonse, ndipo kunsi kwake kuli mapepala opyapyala a pulasitiki okhala ndi tinjira ta magetsi. Mukadina batani, kamtumbira kamaphwa n'kukanikiza mapepalawo kuti agundane, ndipo kompyuta imalandira chilembo. Choncho batani liyenera kufika pansi penipeni kuti ligwire ntchito, ndipo malo amodzi akawonongeka palibe kachidutswa kamene mungachotse n'kuikapo kena, popeza mabatani onse amadalira mapepala omwewo. Mechanical keyboard inapangidwa mosiyana. Batani lililonse lili ndi swichi yakeyake, kabokosi ka pulasitiki kokhala ndi kasipuling'i, katsinde kotsika ndi kukwera, ndi tizitsulo tiwiri timene timagundana katsindeko kakatsika pafupifupi theka la mtunda wake. Chilembo chimalembeka batani lisanagunde pansi, n'chifukwa chake munthu wozolowera amatayipa mopepuka, osachita kumenya mabatani.

Maswichi ambiri amene mungakumane nawo amatsatira kapangidwe kotchedwa MX, kamene kampani ya Cherry inatulutsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo kwa zaka zambiri inkawapangira ku Auerbach, m'dziko la Germany. Chilolezo choteteza kapangidweko chitatha, makampani a ku China monga Gateron, Kailh ndi Outemu anachulukitsa maswichi a msinkhu ndi maonekedwe omwewo pamtengo wotsika, ndipo zimenezi ndi zimene zinachititsa kuti kiyibodi yotere ifike poti munthu wamba n'kuigula. Swichi ya MX mumaizindikira ndi katsinde kake, kamene pamwamba pake pali chizindikiro cha kuphatikiza, +, pamene chipewa cha batani chimalowa. Cherry imanena kuti swichi imodzi ikhoza kudinidwa maulendo 50 miliyoni, ndipo mitundu ina kupitirira 100 miliyoni. Manambala amenewa amachokera m'chipinda choyesera chopanda mchenga wa kunyanja kapena nyerere, choncho asakuchititseni kuganiza kuti swichi siifa. Imafa, koma ikafa imafa yokha, zinzake zonse zili bwinobwino.

Chizindikiro cha + chimenechi ndicho chitetezo chanu choyamba pogula. Makiyibodi ambiri owala bwino, okhala ndi mabatani ataliatali, mkati mwake ndi a labala, ndipo pabokosi pake pamalembedwa mawu akuti "mechanical feel" kapena "semi-mechanical" kuti wogula asokonezeke. Pemphani wogulitsa kuti azule chipewa cha batani limodzi inu mukuona, ndipo ngati ali kutali akujambulireni kanema wachidule. Pansi pa chipewacho muyenera kuona kabokosi kodziimira pakokha, nthawi zambiri kokhala ndi dzina la kampani yopanga swichi, katsinde ka mtundu wofiira, wabulauni kapena wabuluu kali pakati. Mukaona dzenje lopanda kanthu ndi labala woyera pansi pake, imeneyo ndi kiyibodi wamba yovala zovala zatsopano, ndipo siyenera kugulidwa pamtengo wa ya maswichi. Wogulitsa amene akulephera kutchula dzina la swichi ili m'katundu wake, kapena akukana kuzula chipewa chimodzi, musamutumizire ndalama.

Mtundu wa swichi

Apa m'pamene pali kusiyana kumene zala zanu zidzakumva tsiku ndi tsiku. Maswichi ali m'magulu atatu, ndipo ogulitsa amawatchula ndi mitundu imene Cherry inayambitsa. Ofiira, a gulu la linear, amatsika myaa kuchokera pamwamba mpaka pansi popanda chopinga chilichonse. Abulauni, a gulu la tactile, ali ndi kachitunda kakang'ono kamene chala chimakamva pafupi ndi pamene chilembo chikulembeka. Abuluu, a gulu la clicky, ali ndi kachitunda komweko koma amawonjezerapo kaphokoso kakuthwa, kakuti khethe, pa batani lililonse. Pa maswichi a Cherry, batani limatsika mamilimita 4 ndipo chilembo chimalembeka pa mamilimita pafupifupi 2. Yofiira imafuna mphamvu yofanana ndi kulemera kwa magalamu pafupifupi 45, yabulauni 55 podutsa kachitunda, yabuluu 60, ndipo yakuda, imene ndi linear yolimba, 60.

Kwa munthu amene ntchito yake yaikulu ndi kulemba makalata, malipoti kapena mayeso, ine ndimalangiza yabulauni kapena ina ya gulu la tactile. Kachitunda kamakuuzani kuti chilembo chalowa, ndipo kamachepetsa zilembo zolembeka mwangozi pamene zala zangopuma pa mabatani, vuto limene anthu ochokera ku kiyibodi ya labala amakumana nalo masiku oyamba akagula yofiira. Yofiira ndi yabwino kwa okonda magemu, komanso kwa amene ali kale ndi dzanja lopepuka. Yabuluu ndi imene imakopa kwambiri m'sitolo, chifukwa phokoso lake limapatsa munthu chithunzi chakuti wagula chinthu chenicheni, koma ganizirani kumene mudzaigwiritsire ntchito. Mu ofesi ya anthu angapo idzasowetsa anzanu mtendere, ndipo m'nyumba zathu zambiri zamalata zopanda siling'i, phokosolo limadutsa pamwamba pa khoma n'kukafika kuchipinda kumene ana kapena makolo agona. Ngati mumalemba usiku kapena m'bandakucha, funani maswichi olembedwa kuti silent, amene ali ndi timalabala tochepetsa kugunda.

Pali chifukwa china, chokhudza chilankhulo chathu, chimene chiyenera kukuchititsani kupewa maswichi olimba. M'Chichewa, monganso m'Chiyao, pafupifupi phatikizo lililonse limathera ndi lembo la liwu, ndipo chilembo a chimabwera kawirikawiri kwambiri. Yesani kuwerenga kuti a alipo angati m'mawu ngati "anakawalamulira" kapena "malamulo a zamalonda". Pa kiyibodi ya kayalidwe kozolowereka ka QWERTY batani la A lili pansi pa chala chaching'ono cha dzanja lamanzere, chimene ndi chala chofooka pa zonse. Swichi ya magalamu 60 kapena kuposerapo, imene munthu wolemba Chingerezi akhoza kuipirira, imatopetsa chala chimenechi msanga mukamalemba masamba ambiri a Chichewa. Khalani pakati pa magalamu 45 ndi 55. Dziwaninso kuti mitundu ija si lamulo, popeza makampani ena amatcha maswichi awo ndi mayina a zipatso, nyama kapena mitundu ina. Dzina likakhala lachilendo, funsani zinthu ziwiri zokha: kuti ndi linear, tactile kapena clicky, komanso kuti ndi ya magalamu angati.

Chofunika koposa: swichi zozulika

Makiyibodi ena maswichi ake anawotchereredwa ndi mtovu ku bolodi la mkati, pamene ena ali ndi timabowo togwira miyendo ya swichi, mwakuti mukhoza kuizula ndi kachitsulo kokokera n'kulowetsapo ina m'kamphindi kochepa. Amenewa amalembedwa kuti hot-swap kapena hot-swappable, ndipo ngati ndalama zanu zikulolani chinthu chimodzi chokha chapadera, chikhale chimenechi. Chifukwa chake n'chodziwika kwa aliyense amene wakhala kuno m'chilimwe. Fumbi limalowa paliponse, mphepo ya mwera imabwera ndi mchenga wake, ndipo nthawi ya dzinja chinyezi chimatsala pa zitsulo. Kanthu kakang'ono kakakhala pakati pa tizitsulo tiwiri tija, batani limayamba kulemba chilembo kawiri mutadina kamodzi, kapena kulephera kulemba nthawi zina. Pa kiyibodi ya hot-swap mumangosintha swichi imodziyo. Pa yowotcherera muyenera kumasula kiyibodi yonse n'kupita nayo kwa okonza mafoni kumsika, ndipo ngakhale ambiri mwa iwo ali ndi luso lowotcherera, swichi yolowa m'malo muyenera kukhala nayo nokha. Nkhani yake ikufanana ndi ya njinga ya kabaza: yabwino ndi imene masipoko ndi tcheni chake zimapezeka ndipo zimalowana ndi za njinga zina.

Koma mawu akuti hot-swap pawokha sakwanira, ndipo apa ambiri amapusitsika. Choyamba, timabowo ta makiyibodi ena otsika mtengo, makamaka okhala ndi maswichi a Outemu, ndi topapatiza, mwakuti miyendo ya maswichi a Gateron kapena Cherry simalowa. Kiyibodi yotere si yoipa, koma mudzafunika kugula maswichi a Outemu kapena ena a miyendo yopyapyala ngati yawo. Chachiwiri, pali maswichi a 3-pin ndi a 5-pin. A 5-pin ali ndi timiyendo tiwiri ta pulasitiki towonjezera, ndipo bolodi la 5-pin limalandira mitundu yonse iwiri, pamene pa bolodi la 3-pin muyenera kudula timiyendo ta pulasitikito ndi chowengera zikhadabo. Chachitatu, pali maswichi otchedwa optical, amene amagwiritsa ntchito kuwala, ena a maginito, ndi ena afupiafupi otchedwa low-profile. Onsewa salowana ndi maswichi wamba a MX, ngakhale zipewa za ena mwa iwo zimaoneka zofanana. Pa kiyibodi yoyamba apeweni, chifukwa olowa m'malo mwake ndi ovuta kupeza kuposa a MX wamba.

Pogula, gulirani limodzi maswichi apadera osachepera khumi, ndipo onetsetsani kuti m'bokosi muli kachitsulo kozulira maswichi ndi kawaya kozulira zipewa. Tizinthu timeneti ndi totsika mtengo mukamatigula pamodzi ndi kiyibodi, koma kutumizitsa tokha kuchokera kunja kumadya ndalama zoposa mtengo wake. Ngati mwapatsidwa mwayi wosankha, tengani maswichi okhala ndi timakoma tozungulira katsinde, monga a Kailh Box kapena a Outemu olembedwa kuti dustproof, chifukwa timakomato timachepetsa mpata wolowera fumbi.

Kukula ndi kayalidwe ka mabatani

Kiyibodi yathunthu ili ndi mabatani 104 kapena 105, kuphatikizapo gawo la manambala kudzanja lamanja, ndipo m'litali mwake imafika masentimita pafupifupi 44. Yotchedwa TKL ndi yomweyo atachotsa gawo la manambala, ili ndi mabatani 87 kapena 88. Ya 75% inathinitsa mabatani pamodzi koma inasunga mzere wa F1 mpaka F12 ndi timivi tinayi. Ya 65% ilibe mzere wa F, ndipo ya 60%, yokhala ndi mabatani 61, ilibe ngakhale timivi kapena Delete payekha, zonsezi muyenera kuzipeza podina batani lolembedwa kuti Fn pamodzi ndi batani lina. Ngati mumalemba manambala ambiri mu Excel, monga malipiro, mitengo ya nsomba, maakaunti a gulu losunga ndi kubwereketsa ndalama kapena malikisi a ophunzira, musalole kuti wina akunyengerereni kusiya gawo la manambala. Kwa ena onse, TKL kapena 75% ndi yokwanira, imasiya malo a mausi pa tebulo laling'ono ndipo imalowa m'chikwama. Ya 60% ndi imene imaoneka kwambiri pa masamba a ogulitsa chifukwa ndi yotsikirapo mtengo, koma kwa munthu wokonza zolembedwa, amene amayendayenda m'ndime ndi timivi, ndi yosautsa. Sindingailangize ngati yoyamba.

Kayalidwe kake kali mitundu iwiri. ANSI ndi ka ku America, kokhala ndi Enter wopingasa ndi Shift wamtali kumanzere. ISO ndi ka ku Ulaya, kuphatikizapo Britain, kokhala ndi Enter wamkulu wotenga mizere iwiri ndi Shift wamfupi kumanzere. Malaputopu amene amapezeka m'dziko muno ndi a mitundu yonse iwiri, choncho yang'anani amene zala zanu zinazolowera. Ngati mulibe kumene mukupendekera, tengani ANSI, chifukwa zipewa zake zolowa m'malo zimapezeka mosavuta. Zimene zalembedwa pa zipewa sizilamula chimene kompyuta ilembe. Mukadina @ n'kutuluka chizindikiro cha mawu ogwidwa, kiyibodi sinawonongeke, koma Windows yaikidwa pa English ya United Kingdom pamene kiyibodi yanu ndi ya United States, kapena mosemphanitsa, ndipo mumakonza zimenezi pa gawo la chilankhulo mu Settings.

Olemba Chichewa amene amafuna chilembo ŵ, monga m'mawu akuti Malaŵi, asafunefune kiyibodi yokhala ndi batani lake. Pa Windows, mukasankha kayalidwe ka United Kingdom Extended, mumadina Alt wa kudzanja lamanja pamodzi ndi 6, kenako w. Mu Word mukhoza kulemba U+0175 n'kudina Alt pamodzi ndi X. Choncho onetsetsani kuti kiyibodi yanu ili ndi Alt kumanja, chifukwa makiyibodi ena ang'onoang'ono anamuchotsa kapena kumubisa pansi pa Fn. Makiyibodi ogwiritsa ntchito mapulogalamu otchedwa QMK ndi VIA, monga ena a Keychron, amakulolani kusintha ntchito ya batani lililonse, ndipo zosinthazo zimasungika m'kiyibodi momwemo, osati mu kompyuta, zimene ndi zothandiza ngati mumayenda nayo pakati pa kunyumba ndi kuntchito.

Za zipewa sindinena zambiri. Pulasitiki yake imakhala ABS kapena PBT. ABS imasalala n'kuyamba kunyezimira msanga, makamaka zala zikamatuluka thukuta m'kutentha kwa Okutobala ndi Novembala, pamene PBT imakhalitsa ndi kukhakhala kwake. Chofunika kwambiri ndi mmene zilembo zinalembedwera: pa zipewa za double-shot chilembo ndi pulasitiki ina youmbidwira mkati, choncho sichifufutika, pamene chongopakidwa pamwamba chimatha, kuyambira pa A, N ndi I. Zipewa mukhoza kudzasintha m'tsogolo, choncho zisakulepheretseni kugula kiyibodi imene zina zonse zili bwino.

Chingwe, batire ndi kuwala

Kiyibodi ya chingwe imatenga mphamvu yake ku kompyuta, ilibe batire loti lidzafooke, ndipo ndi yotsika mtengo poyerekeza ndi inzake yofanana nayo yopanda chingwe. Chimene muyenera kuyang'ana n'chakuti chingwecho chikhale chozulika, cholowa pa kabowo ka USB-C. Chingwe chomangidwira mkati chikathyokera pakhosi kapena chikadyedwa ndi makoswe, kiyibodi yonse imaima mpaka wina aimasule, pamene cha USB-C mumangotenga china chonga cha mafoni ambiri a masiku ano, malinga chikhale chodutsitsa data, osati chongotchajira. Yopanda chingwe ili ndi ubwino wake kwa amene amalemba pa foni kapena pa tabuleti kudzera pa Bluetooth, ngakhale kuti mafoni ambiri a Android amalandiranso kiyibodi ya chingwe kudzera pa kolumikizira ka OTG. Mukasankha yopanda chingwe, ikhale yoti ikhozanso kugwira ntchito ndi chingwe, chifukwa mabatire a lithium amafooka msanga m'malo otentha, ndipo simufuna kuti batire likatha mphamvu kiyibodi ithere pomwepo. Musaisiye padzuwa kapena m'galimoto yotseka.

Kuwala kuli ndi ntchito imodzi yeniyeni kuno, ndiyo kuonetsa zilembo magetsi akazima usiku muli pa laputopu. Pa ntchito imeneyi kuwala koyera kwa mtundu umodzi, kotsitsidwa, n'kokwanira, malinga zipewa zikhale zodutsitsa kuwala pa zilembo. Kuwala kwamitundumitundu, kotchedwa RGB, koyaka mwamphamvu kumadya batire la laputopu pa nthawi imene mukulifuna kwambiri, komanso kumaitana tizilombo touluka usiku. Musawonjezere ndalama chifukwa cha kuwala.

Kumene mungagule ndi mmene mungayesere

Njira zimene anthu a kuno amagwiritsa ntchito ndi zitatu: kugula m'masitolo a zamakompyuta ku Blantyre kapena ku Lilongwe, kutumiza m'bale amene ali ku Joni, kapena kuitanitsa pa intaneti kuchokera ku China. Mayina amene mungakumane nawo pamtengo wapansi ndi wapakati ndi monga Redragon, Royal Kludge ndi Keychron, kuwonjezera pa odziwika kale a Logitech ndi Razer, amene nthawi zambiri amakwera mtengo ndipo si mitundu yawo yonse imene ili ya hot-swap. Dzina la kampani lisakukwanireni, chifukwa kiyibodi ya dzina limodzi imatuluka ndi maswichi osiyanasiyana, ina ya hot-swap ina yowotcherera. Mukatumiza achimwene kapena achemwali ku Johannesburg, musangowauza kuti akugulireni mechanical keyboard. Alembereni dzina ndi nambala yake yonse, mtundu wa swichi, kukula kwake, ANSI kapena ISO, ndi mawu akuti hot-swap, ndipo akutumizireni chithunzi cha bokosi asanalipire, chifukwa katundu akafika ku Mangochi kumubweza n'kovuta. Poitanitsa pa intaneti, werengerani pamodzi mtengo wa katundu, wotumizira ndi msonkho wa ku MRA musanayerekeze ndi mtengo wa m'sitolo ya m'dziko muno. Kuyambira pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44% mu Novembala 2023, katundu wochokera kunja anakwera mtengo kwambiri, choncho mtengo umene mnzanu anagulira kale sungakuthandizeni kuwerengera.

Yogwiritsidwapo kale ntchito si yoopsa, malinga muiyese musanalipire, ndipo ngati wogulitsa ndi wa pa Facebook kapena pa WhatsApp amene simukumudziwa, musatumize ndalama yonse pa Airtel Money kapena pa Mpamba musanaigwire m'manja. Kuyesa kwake n'kofanana, kaya ndi yatsopano kapena yakale. Ilumikizeni ku laputopu, tsegulani Notepad kapena Word, ndipo dinani batani lililonse kangapo, pang'onopang'ono kenako mofulumira, mukuyang'ana ngati pali chilembo chotuluka kawiri kapena chosowa. Kenako lembani mofulumira mawu okhala ndi zilembo zoundana monga "ntchentche", "nkhwangwa", "mphwanga" ndi "ng'ombe". Mawu amenewa amachititsa kuti zala zingapo zikhale pa mabatani nthawi imodzi, ndipo kiyibodi yabwino iyenera kulemba zilembo zonse mwandondomeko yake. Ambiri mwa makiyibodi a maswichi amalandira mabatani osachepera 6 nthawi imodzi, ndipo olembedwa kuti NKRO amalandira onse. Musaiwale batani la kachizindikiro ka m'mwamba kamene timalemba mu ng', m' ndi n', chifukwa ife timalidina kawirikawiri.

Pomaliza kuyesa, dinani mabatani aatali, Space, Enter, Backspace ndi Shift, chakumapeto kwake osati pakati. Pansi pa mabatani amenewa pali kawaya kochirikiza kotchedwa stabilizer, ndipo apa ndi pamene makiyibodi otsika mtengo amaonetsera kufooka kwawo. Batani likamalira wekeweke koma likutsika ndi kukwera bwino, vutolo ndi laling'ono ndipo limachepa popaka girisi woyenera pulasitiki. Likamapendekeka kapena kukakamira pansi, siyani kiyibodiyo. Gwedezaninso chingwe pamene chalowera, muone ngati kiyibodi ikuzima n'kuyakanso.

Mukafika nayo kunyumba, mudzaona kuti ndi yaitali kupita m'mwamba kuposa ya labala kapena ya laputopu. Musatukule timiyendo take takumbuyo masiku oyamba, ndipo ngati mikono ikupindikira m'mwamba, pindani chitenje kangapo n'kuchiika kutsogolo kwa kiyibodi kuti manja azipumirapo. Mukamaliza ntchito, ivundikireni ndi nsalu yoyera, musadyere mandasi kapena kumwera tiyi wa shuga pamwamba pake popeza nyerere ndi mphemvu zimatsata zinyenyeswazi mpaka mkati, ndipo mwezi uliwonse zulani zipewa n'kusesa ndi kaburashi kouma. Zipewazo mukhoza kuzitsuka ndi madzi ofunda ndi sopo, koma ziume mpaka mkati mwa kabowo ka + musanazibwezeretse. Madzi akatayikira pa kiyibodi, zulani chingwe nthawi yomweyo, itembenuzeni chafufumimba pamthunzi podutsa mphepo, ndipo musailumikize mpaka patapita masiku awiri kapena atatu. Posintha swichi, zulani kaye chingwe, yang'anani kuti miyendo iwiri yachitsulo ya swichi yatsopanoyo ndi yowongoka, ilunjikeni pa timabowo take, ndipo kanikizani molunjika pansi mosakakamiza. Ikakana kulowa, itulutseni muwongole mwendo umene wapindika, chifukwa kuikakamiza kukhoza kuthothola kabowo kogwirira ku bolodi, ndipo kumeneko n'kuwonongeka kofunanso wowotcherera.